Bambo a M'mbiya

Ndiyambe ndi kuulula chilema changa, chifukwa popanda chimenechi nkhaniyi palibe. Ine mawu anga ndi aang'ono. Thupi ndili nalo, ndevu zinamera pa nthawi yake, koma ndikatsegula pakamwa pamatuluka kamawu kopyapyala ngati ka mwana wa mbuzi wotsekeredwa m'khola. Kukwaya ya kutchalitchi kwathu, kufupi ndi Nambuma, aphunzitsi a nyimbo anandiyesa kumbali ya abambo Lamulungu limodzi lokha, kenako anandipempha mwaulemu kuti ndizikaima kumbuyo kwa azimayi. Ndinaima kumeneko zaka zitatu, ndipo sindidandaula, chifukwa amene ankaima kutsogolo kwanga anali Nachisale, yemwe anadzakhala mkazi wanga.

Makolo anga anali matenanti a fodya pa esiteti ina ya ku Nsaru, anthu obwera, opanda munda wawowawo. Choncho ndinalowa chikamwini m'mudzi mwa Nachisale. Mkamwini wa mawu aakulu amavutika kale kuti amveke kwa eni mudzi, ndiye tangoganizani za ine. Ndikakalipira nkhuku kuti zichoke pachimanga, zinkandiyang'ana ndi diso limodzi n'kupitiriza kujompha. Alamu anga a Gervaziyo, achimwene ake a Nachisale, ankatsina mphuno n'kumandiyankha m'mawu anga omwe, anthu n'kumaseka mpaka kugwira nthiti. Chilamu chimalola zimenezo, ndipo inenso ndinkaseka nawo, koma mumtima zinkandiwawa.

Ndinanyamuka kupita ku Joni titangozolowera kumene zovotera zipani zambiri, fodya atatigwiritsa mwala. Nachisale anali woyembekezera. Ndinamulonjeza kuti ndibwerera mwana asanayambe kukwawa. Pamene ndinkabwerera, mwanayo anali akupita yekha kusukulu.

Ku Joni anandilandira Zakeyu wa ku Kabudula, mnzanga amene tinakulira limodzi pa esiteti paja. Tinkakhala m'kachisakasa ka malata, komweko amati mkhukhu, kakang'ono moti wina akafuna kuvala buluku mnzake ankayamba watuluka panja. Nyengo yozizira madzi a m'ndowa ankauma pamwamba, ife n'kumasukusula ndi zala ziwiri. Mapepala tinalibe, choncho tikaona galimoto ya apolisi tinkasanduka anthu otanganidwa kwambiri, kumanga zingwe za nsapato zomanga kale. Zakeyu ankanditonthoza kuti ine ndisamaope. "Iwe akakugwira uzingolankhula," ankatero. "Adzakusiya okha poganiza kuti amanga mwana wa sukulu."

Ntchito anandipezera komwe iye ankagwira, m'shedi ya mkulu wina wachipwitikizi amene ankakhoma mabokosi a masipika ndi kukonza mawailesi. Tinkamutchula kuti Khutu, chifukwa chilichonse ankachigogoda ndi chala n'kutchera khutu: thabwa, bokosi, buledi wogula pasitolo. Ndinayamba ndi kusesa utuchi, kenako kupala matabwa, mpaka ndinafika powotcherera mawaya. Masipika a masiku amenewo anali mabokosi aakulu ngati kabati, m'kati muli mbale imodzi ya pepala yoyenera kuimba zonse, ng'oma, gitala ndi munthu yemwe. Ukakweza, zonsezo zinkasakanikirana n'kusanduka phala. Ife tinkati zili bwino bola mawindo akunjenjemera, koma Khutu ankatsinya nkhope ngati wadya mango osapsa.

Uthenga unabwera woti Nachisale wachira, mwana wamkazi, dzina lake Filomena. Ndinagula pepala ndi cholembera, ndinakhala nazo masana onse, ndinangolemba "Okondedwa" basi. Zakeyu ndiye anabwera ndi nzeru ya kaseti. Lamulungu masana tinkabwereka wailesi ya kushedi, n'kuiika pa ndowa yovundikira, ine n'kukhala pabedi moyang'anizana nayo ngati ndili pamaso pa woweruza milandu. Zakeyu ankaima pakhomo kuthamangitsa ana a phokoso, n'kumandikumbutsa zonena.

"Filomena, mwana wanga, ndine bambo ako. Uzimvera amako. Usamasewere pafupi ndi chitsime. Sukulu uziikonda."

Izitu ndinkauza khanda la miyezi inayi. Ndinkalankhula pang'ono n'kuima, kulankhula pang'ono n'kuima, moti Zakeyu ankadandaula kuti theka la tepi likungothera chete. Kaseti ikadzaza tinkaikulunga m'sokosi n'kupatsa madalaivala amene ankanyamula katundu wa anthu kupita kumudzi. Inkafika ku Nsaru patapita milungu, nthawi zina itagona m'kati mwa bulangete la munthu wina.

Zomwe zinkachitika kumudzi ndinadzazimva pambuyo pake, china kwa Nachisale, china kwa alamu anga atalawa. Wailesi ya kaseti imene ndinatumiza inali ndi kasipika kong'ambika. A Gervaziyo, pokhala munthu wa manja, anakazula sipika m'chigalimoto chakufa ku Msundwe, n'kuikhazika pakamwa pa mbiya ya apongozi anga, yaikulu ija ankafululiramo mowa. M'mbali anamanga ndi mphira za chubu cha njinga, n'kumata dothi kuti mpweya usatuluke. Anyamata ambiri a kumudzi ankachita zimenezi pofuna besi, mawu aakulu ogunda pansi aja. Moto ankatenga ku batire ya galimoto yokalamba, imene ankakatchajitsa ku Namitete mwa apo ndi apo, moti inali yofooka nthawi zonse. Batire ikafooka tepi imayenda pang'onopang'ono, ndipo tepi ikayenda pang'onopang'ono mawu amatsika.

Tsiku loyamba alamu anga anaitana mudzi wonse kuti udzaseke. Anayala mphasa, anatsina kale mphuno pokonzekera, n'kudina batani. M'mbiya muja munatuluka liwu la nkhunzi: "Filomena." Galu anathawira kudimba. A Gervaziyo anachotsa dzanja pamphuno, n'kuvula chipewa. Ndikaima pakati pa mawu, m'mbiyamo munkangomveka kuguguda kwapansipansi, anthu n'kumati ndi sitima za ku Joni zikudutsa, ndipo palibe amene ankatsokomola mpaka nditayambiranso. Ankati wolankhula choncho ndi munthu wolemera maganizo, woyeza mawu asanawatulutse.

Apongozi anga anadzuka pamphasa n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe, chifukwa mpongozi sakhala maso ndi maso ndi mkamwini wake. Ine ndili pamudzi sankavutika n'komwe kundipatukira m'njira, koma mbiya anaipatsa ulemu wonse. Kuyambira tsiku limenelo sanafululiremonso mowa. Anangoti, "Joni imakulitsa munthu."

Nachisale anaona mwayi n'kuugwira ndi manja awiri. Filomena akakana kusamba, amake ankangoti, "Ndikuyatsire abambo ako kodi?" mwana n'kuthamangira yekha kubafa. Azimayi oyandikana nafe anayamba kubweretsa ana awo osamva kuti adzakhale pamaso pa mbiya. Nkhuku zomwe, akuti, zikamva liwu lija zinkachoka pachimanga. Filomena anakula akupereka moni kwa mbiya m'mawa uliwonse, kuisesera pozungulira, ndi kuiuza mmene mayeso ayendera. Ine osadziwa kanthu. Nachisale ankangonditumizira mawu akuti, "Mukumveka bwino kwambiri, musasinthe." Ndinkayenda monyada ku Joni, poganiza kuti chikondi chimakonza makutu.

Nditabwera ulendo woyamba ndinanyamula sutikesi, diresi yofiira ya mwana, ndi masipika awiri amene ndinakhoma ndekha. Nthawi imeneyo zinthu zinali zitasintha kale: m'bokosi limodzi tinkaikamo wufa ya mawu aakulu pansi, ndi twita, kasipika ka mawu aang'ono, pamwamba. Ndinatsika pa ngolo ngati nduna. Nachisale anakankhira kutsogolo kamtsikana kowonda, ka maso akuthwa.

"Filomena, apatse moni abambo ako."

Anagwada bwinobwino, n'kupereka dzanja. Ine ndinati, "Wakula chonchi, mwana wanga?"

Mwana anabweza dzanja. Anayang'ana ine, anayang'ana amake.

"Amayi, awa ndani?"

"Ndi abambo akotu. Achokera ku Joni."

"Bambo anga salankhula choncho."

Analowa m'nyumba n'kukakhala pansi atatsamira mbiya. Tsiku lomwelo ndinadzimvera ndekha mnzanga amene anandilanda malo. Nachisale anayatsa wailesi akuyang'ana kumbali, ndipo liwu lija litatuluka, ineyo mwini wake ndinangozindikira kuti ndakhala tsonga, manja ndaika pamawondo. Kunena zoona, ndikanakhala mwana nanenso ndikanasankha mbiya.

Ndinakhala mwezi umodzi ndikulimbana nayo. Ndinayesa kulankhulira pansi pa khosi, ndinangotsokomola. Ndinamwa mazira aawisi monga anandilangizira alamu anga, amene ndikukhulupirira kuti ankangofuna kuona nkhope yanga. Ndinapempha kuti tilumikize wailesi ku masipika atsopano aja, koma Nachisale anakana. Anati mwana asokonezeka, ndiponso iyeyo ndi amene adzatsale naye ine ndikabwerera, ndiye ndisamuonongere chida. Filomena diresi analandira, n'kukaionetsa kwa mbiya. Ine anandipatsa dzina loti "aku Joni". Ankalitchula mwaulemu, atagwada, koma linkandilasa kuposa mphuno yotsina ya a Gervaziyo. Masipika anga aja, ndinamva kuti imodzi inasanduka tebulo la nyali, inayo makoswe atadya pepala lake nkhuku inaikiramo mazira.

Ndinabwerera kwa Khutu, ndipo zaka zinayamba kuthamanga. Makaseti anatha, kunabwera timbale tonyezimira topanda kufwenthera kwa tepi. Mabokosi anayamba kuchepa thupi. M'kati tinkayalamo thonje kuti thabwa lisaimbe nawo, n'kuboola kabowo koyeza bwino koti besi izipumira. Mbale za pepala zinalowedwa m'malo ndi zina zolimba koma zopepuka, maginito anachepa koma mphamvu n'kukula. Ng'oma inayamba kumveka payokha, gitala payekha, woimba n'kuima pakati ngati ungamugwire phewa. Khutu ankati sipika yabwino siwonjezera ndipo sichotsa, imangonena zimene yauzidwa. Ine ndinkayankha chamumtima kuti sipika yoteroyo ilibe chifundo.

Kunkabwera makasitomala ena odabwitsa. Munthu wamkulu, wa galimoto yake, ankakhala pampando pakati pa masipika awiri, kutsinzina, kenako n'kukweza chala: "Mwamva? Wapuma mpweya pamenepo." Ena ankasangalala kumva chala cha woimba chikukhula pa waya wa gitala. Ine ndi Zakeyu tinkathawira kuseri kukaseka. Zakeyu ankati akanadziwa kuti kupuma kuli ndi msika, bwenzi atangokhala pakhomo pa shedi n'kumapumira anthu m'makutu.

Mafoni atafika kumudzi ndinaganiza kuti tsopano zitheka, mwana azindimva tsiku ndi tsiku mpaka azolowere. Koma foni ndiye inkandichepetsanso. Filomena akayankha ankati, "Muli bwanji? Dikirani pang'ono," kenako ndinkamumva akuitana, "Amayi, aku Joni akufuna inu." Ndinkabwera kumudzi pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, ulendo uliwonse ndi sipika yoposa yapitayo, ndipo ulendo uliwonse ndinkapeza mbiya ili pamalo pake, yovundikiridwa ndi kansalu koluka.

Zakeyu anadwala chifuwa nyengo ina yozizira, ndipo sanaione nyengo yotentha. Anthu a kumudzi tinasonkhana n'kumutumiza kwawo ku Kabudula. Bokosi lake ndinakhoma ndine, ndi matabwa a Khutu. Nditamaliza, mkulu uja anabwera n'kuligogoda ndi chala, n'kutchera khutu mwa chizolowezi chake, kenako anatembenukira kukhoma n'kukhala choncho nthawi yaitali. Mkhukhu uja unakula mwadzidzidzi. Ndinkavala buluku popanda wotuluka panja, ndipo sindinakondwere nazo.

Ntchito nayo inayamba kuzilala. M'masitolo munadzaza timasipika topanda waya, tating'ono ngati buledi, tomvera foni ili m'thumba, ndipo tinkaimba bwino kuposa makabati amene ndinathyokera msana ndili mnyamata. Khutu anakagula kamodzi, anakagogoda, anakamvetsera masana onse, n'kunena kuti dziko lamupitirira. Potseka shedi anandipatsa masipika ake awiri oyesera, amene sankalola munthu kuwakhudza, pamodzi ndi ampu yake, chipangizo chokweza mawu. Anati ndikawasamale chifukwa sanamunamizepo. Ndinawakulunga m'mabulangete n'kubwerera kumudzi, ulendo uno osatembenukanso.

Ndinapeza apongozi atatisiya kale, a Gervaziyo imvi zili mbuu, denga lili ndi sola. Filomena anali mayi wamkulu, telala wa makina ake ku Namitete, ndipo anali pa chitomero ndi mwamuna wa ku Mpingu. Za ukwati bambo salowererapo kwenikweni, ndi nkhani ya amalume ndi ankhoswe. Koma pamadyerero pamakhala kamphindi kamodzi koti bambo a mkwatibwi aime anene mawu. Kamphindi kameneko ndinakadikira moyo wonse wa mwanayo. Ndinayamba kuyeserera kudimba, ndikulankhula kwa mapesi.

Tsiku lina ndili pakhonde, Filomena anabwera n'kugwada chapatali.

"Aku Joni, ndabwera ndi pempho."

"Nena, mwana wanga."

"Pa nthawi ya mawu a bambo, ndimafuna tidzaike kaseti yoyamba ija. Ya m'mbiya."

Ndinayamba ndaseka, poganiza kuti alamu anga amutuma. Iye sanaseke.

"Nanga ine ndidzakhala kuti?"

"Kutsogolo. Takusungirani mpando wabwino."

"Filomena, ukudziwa kuti m'kasetimo ndine, eti?"

"Ndikudziwa, sindine mwana. Koma amene anandilera ndi mawu aja. Inu ndikamakumvani ndimakhala ngati ndikumva mlendo waulemu. Musandimve molakwa."

Ndinamumva bwino lomwe, ndipo ndi chimene chinandipweteka. Ndakhalapo ndi njala ku Joni, ndabisalapo m'ngalande apolisi akudutsa, koma palibe chinandichepetsa ngati mpando wabwino umenewo. Atangochoka ndinatenga mpini wa khasu n'kulowa m'nyumba. Ndinapeza Nachisale akusankha mtedza pambali pa mbiya, ngati ankandidikira.

"Mpiniwo ndi wa chiyani, abambo a Filomena?"

"Ndikufuna ndicheze ndi mnzangayu."

"Iswani. Koma mudziwe kuti mukhala mwaphera mwana bambo ake mwezi wa ukwati. Maliro ake mudzalengeza nokha, ndi mawu anuwo."

Ndinabweza mpini kukhasu. Nditakhala pansi mkwiyo unandipatsa nzeru ina. Ngati mbiya yakhala ikunama zaka zonsezi, ine ndinali ndi mboni ziwiri zimene sizinanamizepo munthu. Ndinafuna kuti Filomena amve ndi makutu ake kuti mawu amene amawapembedzawo ndi kamawu kanga komweka, kongovala jekete la dothi. Sindinaganize kuti ndipindulanji akamva. Ndinkangofuna kuti mbiya ichite manyazi.

Ndinatha masiku awiri ndi wailesi yakale ija. Ndinaimasula, ndinapukuta mutu wake ndi thonje ndi sipiliti, ndinaika lamba watsopano, n'kuilumikiza ku ampu ya Khutu ndi batire ya sola yodzaza bwino. Loweruka masana ndinatulutsa masipika aja pakhonde, n'kuika mpando pakati monga ankachitira makasitomala otsinzina. Ndinaitana Filomena kuti akhale pamenepo. Nachisale anabwera ndi lichero lake la mtedza. A Gervaziyo sanaitanidwe, koma anafika poyamba.

Ndinadina batani.

"Filomena, mwana wanga, ndine bambo ako."

Anali ine. Kamawu kanga kenikeni, ka kumbuyo kwa azimayi, koyera ngati ndaima pakhonde pomwepo ndili ndi tsitsi lakuda. Alamu anga anayamba kugwedezeka mapewa, dzanja likupita kumphuno. Ndinayang'ana Filomena mopambana. Kenako panafika poima paja.

Ndinali nditaiwala. Zaka zonsezo ndinkakumbukira zimene ndinanena, osati zimene zinkachitika ndikaima. M'mbiya pamenepa ndi pomwe pankadutsa sitima. M'masipika a Khutu munalibe sitima. Munali munthu akupuma modukiza, akukoka mamina, bedi likulira pomwe akugwedezeka. Kenako chapatali, cha kukhomo, kunamveka kunong'ona:

"Pukuta mamina, iwe. Mwana asamve zimenezo."

Anali Zakeyu. Munthu amene ndinamukhomera bokosi ndi manja angawa anali ataima pakhonde langa, kumanzere pang'ono, pomwe ankaima nthawi zonse. Ndinakhala pansi pa simenti.

"Sindinamuonepo, Zakeyu," linanong'ona liwu langa m'sipika. "Kaya ali ndi mphuno ya ndani."

"Mphuno ilibe kanthu. Tipemphere asatengere mawu ako. Yambiranso pa 'uzimvera amako'."

Kunamveka kufwenthera m'malaya, kenako kamawu kaja kanadzikoka n'kuima chilili: "Uzimvera amako."

Ndinakwawa kuti ndizimitse, koma Filomena anaphimba batani ndi dzanja lake.

"Isiyeni."

Tinamvetsera mbali yonse. Poima paliponse pamene mudzi unkakhala chete poopa munthu wolemera maganizo, panali zomwezo: ine kulira, Zakeyu kundikalipira monong'ona. Pena ankandilonjeza tiyi ndikamaliza chiganizo. Pena anandiopseza kuti alankhula yekha n'kudzitcha bambo a mwanayo. A Gervaziyo dzanja lija linafikadi pamphuno, koma pa ntchito ina. Tepi itafika kumapeto batani linadumpha lokha.

Filomena sanandiyang'ane. Ankayang'ana sipika ya kumanja.

"Bambo, munkalira kodi?"

"Chinali chimfine," ndinatero. "Ku Joni kumazizira kwambiri."

"Chimfine chake chodziwa kalendala," anatero Nachisale osaleka kusankha mtedza. "Chogwira munthu Lamulungu lokhalokha, zaka zisanu ndi ziwiri."

"Inu munkadziwa, amayi?"

"Ndinaima kutsogolo kwawo kukwaya zaka zitatu. Nyimbo ya maliro sankaimaliza."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndidziteteze, ndipo pamenepo m'pamene mawu a mwana uja anandifika bwino. Ndinatembenukira kwa iye.

"Wati chiyani, Filomena?"

"Ndafunsa ngati munkalira."

"Ayi, poyamba paja."

Anayang'ana pansi n'kuyamba kuthothola ulusi pa chitenje chake. "Mwamva kale, bambo. Masipika anuwa akuti sabwereza."

Zimenezo Khutu sananenepo, koma sindinatsutse.

Mbiya tinaimasula mlungu wotsatira. A Gervaziyo anadula okha mphira zija, n'kupeza m'kati muli chisa cha mavu ndi ndalama yachitsulo imene Filomena anaponyamo ali mwana kuti bambo ake akagule sopo. Nachisale anaitsuka, n'kuphikiramo thobwa la ukwati. Anthu amene anamwa akuti linali lokoma, ngakhale ena okulira m'mudzimo ankalandira chikho ndi manja awiri, atagwada pang'ono.

Tsiku la ukwati kunabwera masipika obwereka a ku Namitete, amakono, omveka bwino mpaka kumsewu. Woyendetsa mwambo ataitana bambo a mkwatibwi, ndinaima ine. Ndinapita pafupi ndi tebulo la akwati, ndinagwira maikolofoni, ndipo a ku Mpingu atamva moni wanga ena anasuzumira kumbuyo kwanga kuti aone amene akulankhula. Sindinasamale. Ndinali ndi mawu okonzeka, oyesedwa pa mapesi a dimba lonse.

"Filomena, mwana wanga," ndinayamba, "ndine bambo ako."

Ndinaima. Mapesi aja sanandichenjeze kuti pamenepa pali dzenje. Mphuno inayamba ntchito yake, ndipo masipika a masiku ano, opanda chifundo aja, anatenga kupuma kwanga konse n'kukagawira anthu mpaka kumsewu. Mkwatibwi amayenera kukhala chete, maso pansi, ndipo Filomena maso anali pansi ndithu. Anangosendera pang'ono kumbali yanga n'kunong'ona, osadziwa kuti maikolofoni ili pafupi ndi pakamwa pake, moti ukwati wonse unamva:

"Pukutani mamina, bambo. Muyambirenso."